Mtsikana Wopopa Njinga pa Katete

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Giredi 12 zinatuluka, Ireen Mvula sanabwerere kumudzi msanga. Anakhala pachitsa kuseri kwa msika wa Sinda atazyolika, mpaka dzuwa kupendeka. Anali atalephera. Chimene chinamugwetsa kwambiri ndi sayansi, phunziro lomwelo limene munthu wofuna unamwino ngati iye sangalizembe.

Inu amene munalepherapo mukudziwa mmene njira yobwerera kunyumba imatalikira tsiku lotere. Koma Ireen analibe ndi nyumba yomwe yoti akabisemo manyazi ake. Bambo ake anamwalira iye akali wamng'ono. Mayi ake anadwala chaka chonse chomaliza cha sukulu, ndipo Ireen ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala. Anawaika m'manda mayeso ali pakhomo. Misozi isanaume, abale a malemu bambo ake anabwera kudzatenga ng'ombe ndi ngolo, nazula ndi malata omwe a padenga.

Azakhali amene anamusunga miyezi imeneyo atamva za mayeso sanazungulire.

"Sukulu yakukana. Pali bambo wa golosale uja akufuna mkazi wachiwiri. Ukudikiranso chiyani?"

Kutacha Ireen anakulunga zovala zake m'chitenje, nakwera pamwamba pa lole ya thonje yopita ku Katete.

Ku Katete kunali atsibweni ake, a Josephat, mlongo wa malemu mayi ake. Iwo ankakonza njinga patsinde pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Amene anafikako ku Katete akudziwa kuti kumeneko njinga ndiyo ngolo, ndiyo basi, ndiyo ambulasi. Imanyamula anthu, matumba a chimanga, makala, mbuzi, ngakhale chitseko.

A Josephat anamuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo kwa nthawi, kenako analoza pansi.

"Ndilibe choti ndikupatse, Ireen. Ndili ndi pampu iyi yokha. Ine msana wandithera."

Umu ndi mmene Ireen anayambira kupopa matayala. Ankapondera pampu ndi mapazi onse awiri, n'kumakankha chogwirira chake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. M'manja munachita matuza, matuza anaphulika, pomaliza khungu linakhakhala ngati la mlimi wa thonje. Anyamata onyamula anthu panjinga anamupatsa dzina, ankangoti "Apampu". Minibasi ya ku Lusaka ikaima pafupi, iye ankatembenukira kumtengo, kuopa kuti pawindo pangakhale mnzake wa m'kalasi wopita ku koleji.

Panapita miyezi asakuona china chilichonse pantchitoyo kupatula thukuta.

Tsiku lina atapopa tayala mpaka kulimba, anawerama kuti anyamule pampu. Anaigwira chakumunsi, n'kuitaya msanga. Inali yotentha ngati yachoka pamoto.

"Atsibweni, pampuyi imatenthera chiyani?"

"N'kukhulana kwa zitsulo," anayankha a Josephat osadzutsa mutu.

Ireen sanakhutire. Pampu itazizira, anachotsa paipi yake ya mpira kutayala n'kuyamba kupopa m'malere, mpweya ukungotuluka wokha. Anapopa mpaka mapewa kuwawa. Atagwira kumunsi kuja, kunali kofunda pang'ono chabe. Anabwezera mpira kutayala lolimba, napopa kangapo. Kunatentha! Zitsulo zinali zomwezo, kukankha kunali komweko. Chimene chinasintha n'chakuti mpweya tsopano unalibe kothawira.

Anaima duu, pampu ili m'manja. Ndiye kuti mpweya ukaupanikiza umatentha? Mpweya womwewu, wosaoneka, wosagwirika, umene iye ankauyesa kuti si kanthu?

Kuyambira pamenepo maso ake anatseguka. Wina atabweretsa chubu cha thalakitala choti chimatidwe, Ireen anamasula valavu, mpweya n'kutuluka mwamphamvu kuti phwiii. Anaika chala pamenepo. Kunali kuzizira ngati madzi a pachitsime m'mawa wa mwezi wa Juni, chikhalirecho chubucho chinali padzuwa. Ukaupanikiza utentha, ukaumasula uzizira. Anabwereza mobwerezabwereza mpaka a Josephat anamukalipira kuti akuseweretsa ntchito ya anthu.

Itafika Okutobala, phula likunyezimira ndi dzuwa, anaonanso china. Matayala opopedwa kwambiri m'mawa ankaphulika masana, popanda munga, popanda msomali, popanda munthu wowonjezeramo mpweya. Mpweya womwe uja ukatenthedwa unkafuna malo aakulu, n'kumakankha chubu mpaka kuching'amba. Ireen anayamba kufunsa aliyense wobwera m'mawa kuti akupita kuti. Wopita kutali ankamusiyira tayala lofewerapo pang'ono. Ena ankadandaula, koma ankabwerako madzulo atakwera njinga zawo, osati akuzikankha.

Mwa anthu obwera kudzapopetsa munali bambo wina wachikulire, a Davison Daka, amene ankakonza mafuliji kuseri kwa mashopu. Kumbuyo kwa njinga yawo kunkakhala botolo lachitsulo la gasi. Anali munthu wosakonda zolankhulalankhula. Ireen anawazemba kangapo, tsiku lina analimba mtima.

"Abambo, ndifunseko. N'chifukwa chiyani mpweya ukaupanikiza umatentha, koma ukamathawa umazizira?"

A Daka anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Palibe. Ndinachita kugwira ndekha."

A Daka anati, "Ukaweruka ubwere kushopu kwanga."

Kushopuko kunali mafuliji akufa ambirimbiri, koma pakona panali imodzi imene inkalira. A Daka anamuuza kuti aike dzanja kumbuyo kwake, pa timapaipi takuda. Panali potentha. Anatsegula chitseko namuuza kuti alowetse dzanja linalo. Munali mozizira mpaka zala kuuma.

"Waona? Dzanja ili ndi pampu yako. Dzanja ilo ndi valavu yako. Kabokosi kakuda pansipa, kompuresa, ndi kopopa basi. Kamapanikiza gasi, gasi atentha, n'kutaya kutenthako kumbuyo kuno mpaka asanduke ngati madzi. Kenako adutsa m'kapaipi kowonda ngati singano, akafika m'kati amasuka, asandukanso mpweya, n'kumwa kutentha konse kwa nyama ndi mkaka. Fuliji sipanga kuzizira, mwanawe. Imangosenza kutentha kuchoka m'kati, kukatula kunja."

Ireen anaima pamenepo, dzanja lina kotentha, lina kozizira. Gasi womwewo, kuzungulira njira yomweyo usana ndi usiku, osatha, osatopa. Anamva ngati mmene munthu amamvera m'tchalitchi nyimbo ikamugwira.

"Ndiphunzitseni ntchito imeneyi."

"Ayi. Ndakuonetsa chifukwa unafunsa bwino. Koma iyi si ntchito ya atsikana."

Ireen sanakangane nawo. M'mawa mwake a Daka anapeza pakhomo pa shopu posesedwa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ankasesa, n'kupita kukapopa matayala, madzulo n'kubwera kudzaima pakhomo. A Daka akamatuluka ndi botolo la gasi, iye ankalinyamula asanamuuze. Mvula itayamba, nkhalambayo inatopa ndi kukana, inangomuponyera sipanala.

Musaganize kuti kuchokera apa njira inasalala. Tsiku lina akumasula paipi mothamanga, gasi anamupopera zala. Anakuwa. Zalazo zinayera kuti mbuu, kenako zinatupa matuza ngati wagwira khala la moto. A Daka akumumanga nsanza anati, "Tsopano wadziwa kuti kuzizira nako kumawotcha." Usiku ululu unamusowetsa tulo, komabe m'mutu mwake munali funso lokhalokha: chinthu chozizira chingapsereze bwanji munthu?

Choipa kwambiri chinabwera pambuyo pake. A Daka atapita kumaliro ku Mkaika, mwini butchala wina anabwera akulira kuti fuliji yake yasiya kuziziritsa. Ireen anadziona kuti wakhwima. Anapita yekha, nathiramo gasi, n'kuwonjezeranso wina, poganiza kuti gasi akachuluka kuzizira kuchulukanso. Kompuresa inalira mobuula tsiku lonse, kenako inapsa. Nyama ya ng'ombe yathunthu inanunkha. Mwini butchala anamutukwana pamsika anthu akumva, nati amene analephera sukulu asamaphunzirire pa katundu wa anthu.

A Daka atabwerako sanakweze mawu. Anangoti, "Gasi ali ngati mchere. Ukachepa walakwa, ukachuluka walakwa. Iwe uli ndi manja abwino, koma ukuyenda ndi maloto. Ntchito iyi imafuna kuyeza. Bwerera kusukulu."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa chipongwe cha pamsika. Kusukulu? Kumene anachokako ndi manyazi? Anakhala masiku angapo osapita kushopu, akungopopa matayala mutu uli pansi. A Josephat ndiwo anamudzutsa.

"Mayi ako unawasamala chaka chathunthu osanyinyirika. Ndiye buku likugonjetse?"

Ireen analembetsa mayeso obwereza a GCE. Masana ankagwira ntchito, madzulo ankakhala m'kalasi ndi anthu ena obwereza. Chaka choyamba sayansi anakhoza, masamu anagwa. Anabwerezanso. Chaka chachiwiri zonse zinatheka, ndipo anapeza malo pasukulu ina ya ntchito zamanja ku Chipata, m'kalasi ya zamafuliji. Mtsikana anali yekha.

Kumeneko anakumananso ndi malamulo a mpweya amene ku sekondale ankangowaloweza ngati nyimbo yachilendo. Tsopano mphunzitsi akalemba pabolodi kuti mpweya ukachepetsedwa malo umakankha mwamphamvu, Ireen ankamva lamulolo m'mapewa mwake.

Koma chimene sadzaiwala ndi ichi. Tsiku lina mphunzitsi anathira madzi wamba m'botolo lagalasi, nalitseka, nalumikiza makina okoka mpweya. Makina analira. Pasanapite nthawi, madzi aja anayamba kubwata, thovu kuchita kugudubuzika. Panalibe moto, panalibe mbaula.

"Bwera udzagwire," anatero mphunzitsi.

Ireen anagwira mwamantha. Botolo linali lozizira.

Mphunzitsiyo anafotokoza kuti mpweya uli ndi kulemera. Tonsefe tikukhala pansi pa dziwe lakuya la mpweya, ndipo dziwelo limapsinja chilichonse, anthu, nyumba, ngakhale madzi a mumphika kuti asathawe. Ukachotsa mpweya pamwamba pa madzi, palibenso chowagwira, amabwata okha.

Ataweruka Ireen anatuluka panja nayang'ana kumwamba. Thambo linali mbee, lopanda mtambo. Anatambasula chikhatho. Ndiye kuti chibadwire wakhala akusenza katundu wolemera chotere pamutu ndi pamapewa, osamumva? Anaima pabwalopo mpaka mlonda anamufunsa ngati ali bwino.

Atamaliza maphunziro analembedwa ntchito ndi kampani ina yokonza mafuliji a m'zipatala za kumidzi. Ndipo tsiku limene anthu ambiri amamukumbukira nalo linafika mu Okutobala wina, dzuwa likuswa mtengo.

Uthenga unachokera ku kachipatala kena kupitirira Vubwi, kufupi ndi malire. Fuliji ya katemera inali itasiya kuziziritsa. M'midzi yozungulira munkamveka za chikuku, ndipo amayi anali ataitanidwa kale kuti abwere ndi ana. Ireen anamangirira zipangizo ndi kajenereta kakang'ono panjinga yamoto, nanyamuka tambala atangolira. Anafika dzuwa lili pamutu, fumbi lili thupi lonse.

Pansi pa mitengo panali amayi ambiri ndi makanda kumsana. Ena anachokera tsidya la Malawi, ena la Mozambiki, ndipo anali atagona pomwepo. Namwino wa pamalopo, a Winnie, anamulandira nkhope ili yakugwa.

"Katemera ndamusamutsira m'bokosi la ayisi, koma ayisi akusungunuka. Ayisiyo safika mawa madzulo. Katemera akatentha, yense atayidwa, ndipo wina sabwera msanga. Ana ena awa amayi awo sadzabweranso, n'kutali."

Panalinso vuto lina. Fulijiyo inalibe batire, inkayenda ndi magetsi a sola molunjika. Dzuwa likapendeka, kompuresa imagona mpaka mawa. Kuti fuliji ikhale itazizira pa nthawi yake, inayenera kuyamba kugwira ntchito dzuwa la tsiku lomwelo lisanathe.

Ireen anatsegula kumbuyo kwa fuliji, napaka thovu la sopo polumikizira mapaipi. Pamalo ena thovu linayamba kufufuma pang'onopang'ono. Panali kabowo kosaoneka ndi maso, ndipo gasi ankathawira pamenepo.

Asanayatse moto wowotcherera anayang'ana pakhomo. Pakhonde mayi wina anali akuwotcha mbatata pambaula.

"Amayi, pepani, mbaulayo ipite kutali, kuseri kwa mtengo uko. Tsegulani zitseko zonse ndi mawindo."

"Nanga mbaula yalakwanji, ili panja?"

"Gasi wa m'fuliji iyi amayaka, komanso ndi wolemera kuposa mpweya umene tikupumawu. Sakwera kumwamba ngati utsi. Amayenderera pansi ngati madzi, ndipo atuluka pakhomo pomwepa kudzapeza makala anuwo."

Mayiyo ananyamula mbaula yake mothamanga. Ireen anatulutsira kunja gasi wotsala ndi paipi yaitali, natsuka mapaipi ndi mpweya wina wosayaka, kenako anawotcherera kabowo kaja. Atatsimikiza kuti sipakutulukanso kanthu, analiza jenereta nalumikiza makina okoka mpweya.

Apa ndiye panali poyesa mtima. Makina ankalira, iye atangokhala pansi akuyang'ana geji yoyezera mpweya wa m'mapaipi. Mthunzi wa chipatala unayamba kutalika. Makanda ankalira panja. A Winnie analowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka, pomaliza analephera kupirira.

"Achemwali, bowo mwatseka kale. Bwanji osangothira gasiyo? Dzuwa likupita!"

Mtima wa Ireen nawonso unkafuna zomwezo. Koma anadziwa chimene chinkachitika m'mapaipi aja. Chinyezi chimene chinalowa ndi mpweya chinali chikubwata popanda moto, n'kumakokedwa kutuluka. Kadontho kamodzi kotsalira kakanakaundana m'kapaipi kowonda kaja, n'kutseka njira, fuliji n'kufanso iye atapita.

"Asisita, ndikathamanga lero, sabata yamawa mudzataya katemera yense. Tiyeni tidikire."

Anadikira. Geji itafika pamene ankafuna, anazimitsa makina nayang'anitsitsa ngati muvi wake ubwerere. Sunagwedezeke. Apo anaika botolo la gasi pasikelo nayamba kuthira mosamala. Gasi yense wofunika kuti apulumutse katemera wa midzi yonseyo anali wolemera ngati dzira limodzi la nkhuku. Atakwana anatseka, osawonjezera ngakhale pang'ono.

Dzuwa linali lidakali pa masola a padenga. Analumikiza mawaya. Kunali zii. Kenako kompuresa inanjenjemera, n'kuyamba kung'ung'udza.

Amayi anadzaza pakhomo ndi pamawindo. Ireen anagwada, maso ali pa paipi ya mkuwa yolowera m'kati. Poyamba inachita thukuta. Kenako, anthu onse akuona, inayamba kuyera, chisanu chikuyanga pang'onopang'ono ngati ufa wowazidwa.

Mayi wa mbaula uja anayandikira, mwana ali kumsana. Anatambasula chala, nakhudza, nachibweza msanga. Anayang'ana chalacho, nayang'ana panja pamene nthaka inkachita nthunzi ndi kutentha.

"Mayo ine! Chisanu chimenechi mwachitenga kuti mwezi uno?"

Ireen analoza kudenga.

"Kudzuwa lomweli, amayi."

Mayiyo anagwira pakamwa. Wina kumbuyo anayambitsa nthungululu, ndipo inafalikira mpaka kumitengo.

Ireen anagona pachipatala pomwepo. Tsiku lotsatira dzuwa litakwera, kompuresa inadzuka yokha, ndipo dzuwa lisanapendeke a Winnie anayeza m'kati napeza kuti mwazizira mokwanira. Anasamutsa katemera ayisi wa m'bokosi atatsala pang'ono kutheratu. Mzere wa amayi unayamba kuyenda. Ireen akumangirira zipangizo panjinga yake, anamva khanda loyamba likulira ndi jakisoni, kenako lachiwiri, kenako lachitatu. Anakhala kaye pachishalo osaliza njinga, akungomvetsera. Akuti chibadwire sanamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

Lero Ireen ali ndi shopu yakeyake ku Katete. Amakonza mafuliji a m'mabutchala, a m'zipatala, ndi matanki oziziritsira mkaka a alimi. Akuphunzitsa atsikana awiri, mmodzi wa ku Sinda, wina wa ku Vubwi, ndipo onse ndi oti sukulu inawavuta. Wophunzira watsopano akafika, Ireen safunsa kuti anakhoza bwanji mayeso. Amafunsa kuti, "Ndi chiyani chimene unachionapo n'kukudabwitsa?"

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina lero muli pamalo amene simunawafune. Mwina mukugulitsa tomato, mukuswa miyala, mukuchapa zovala za eni, ndipo anzanu anakusiyani kalekale. Musanyoze chimene chili m'manja mwanu. Chiyang'anitsitseni, chifunseni mafunso, ndipo mukagwa dzukani mukayesenso, ngakhale kawiri, ngakhale katatu. Mayeso amodzi sangayeze munthu yense.

Malinga mukupuma, nkhani yanu sinathe. Limbani mtima, musautaye.